Kodi thandizo la boma kwa alimi la FISP lingaperekedwe ngati ndalama?

FUNSO: Ine ndimakhala ku Chawama kuno ku Lusaka, ndipo amayi anga, amene bambo anawasiya, amalima chimanga kumudzi m'boma la Katete. Ndamva kuti ku America boma limaika ndalama m'akaunti ya mlimi. Kodi n'zotheka kuti ndilembetse dzina langa m'malo mwa amayi, ndilandire thandizo lawo ngati ndalama, kenako ndiziwagulira ndekha zofunika kumunda? Wowerenga, Chawama.

YANKHO: Bambo, mtima wofuna kupeputsa amayi anu ndi wabwino, koma njira imeneyi siingatheke, ndipo ndikukulangizani kuti musaiyese n'komwe. Zimene munamva za ku America n'zoona, pakuti kumeneko boma limalipira alimi ndalama kudzera m'maofesi a zaulimi a m'madera awo. Kuno kwathu thandizo limabwera ngati feteleza ndi mbewu, ndipo limatsata munthu amene akugwira khasu m'mundamo.

Ndondomekoyi inayamba mu 2002 ndi dzina loti Fertilizer Support Programme, ndipo mu 2009 inasinthidwa kukhala Farmer Input Support Programme (FISP). Masiku ano imafikira alimi ang'onoang'ono oposa pang'ono 1 miliyoni m'dziko lonse. Mlimi amapereka K400 yokha, boma n'kulipira mbali yotsalayo, imene ndi yaikulu kwambiri. Pa zaka zapitazi phukusi la chimanga lakhala matumba 6 a makilogalamu 50, atatu a D compound wokulitsa ndi atatu a urea wobereketsa, pamodzi ndi makilogalamu 10 a mbewu. Mawu oti e-voucher, njira imene inayamba kuyesedwa mu 2015, ndi amene amasokoneza ambiri, chifukwa anthu amayesa kuti ndi ndalama zoti atape. Ayi ndithu, imeneyo ndi mphamvu yokatengera zipangizo zaulimi kwa wogulitsa wovomerezeka, osati ndalama za m'manja.

Kuti amayi anu alandire, ayenera kukhala m'kopaletivi kapena m'gulu la alimi lolembetsedwa, ndipo dzina lawo ndi nambala ya NRC ziyenera kukhala m'kaundula wa unduna wa zaulimi wotchedwa ZIAMIS. Amene amadziwa bwino ngati dzina lilimo ndi alangizi a zaulimi a m'dera lawo, ndipo ngati pali chovuta, nkhani imapita ku ofesi ya DACO, mkulu woyang'anira zaulimi m'bomalo. Inu amene mukukhala m'tauni mukalembetsa, ndiye kuti mwalanda malo a mlimi weniweni, mwinanso mayi wamasiye wa m'mudzi womwewo, ndipo chinyengo chotere chikadziwika chikhoza kuika pa mavuto ngakhale dzina la amayi anu.

Pamene mungathandize kwambiri ndi pa zinthu zooneka zazing'ono. Tumizani K400 msanga mvula isanagwe, ndipo amayi asunge umboni woti alipira. Onetsetsaninso kuti nambala ya foni imene analembetsa ndi yawoyawo ndipo ikugwira ntchito, chifukwa uthenga wokatengera zipangizo umafika pa foni. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, poti okalamba ambiri osadziwa kuwerenga amapereka foni kwa aliyense wodutsa kuti awawerengere, ndipo nambala yachinsinsi ikagwera m'manja olakwika, feteleza amapita osaonekanso. Pezani wachibale mmodzi wokhulupirika woti aziwaperekeza.

Ena adzabwera ndi ndalama m'manja kuti awagule matumbawo motchipa, makamaka pa nthawi imene nkhokwe zauma, monga zinalili pambuyo pa chilala cha 2024. Ngati mungathe, muziwatumizira ya ufa m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, kuti njala isawakakamize kugulitsa urea chimanga chisanafike m'mawondo. Matumba 6 sakwanira munda waukulu, choncho ndalama zimene mumafuna kuwagulira zinthu muwonjezere nazo feteleza wa mizere yotsalayo.