Mtima ukauma m'wodi

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa namwino wachitsikana wa ku Bangwe. Akuti: "Amayi, masiku ano wodwala akamwalira sindimvanso kanthu. Kodi ndasanduka munthu woipa?"

Ayi mwana wanga, simunasanduke woipa. Nditawerenga, tulo sindinatione.

Ine zinandipeza mu Malichi 2023. Kolera, amene anabuka mu 2022, anali atatifoola kale pamene namondwe wa Freddy anakokolola matope a phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Tinkachezera usiku, kukacha n'kulowanso lokamu, ganyu ya m'chipatala imene timagwira pa nthawi yopuma, poti malipiro okha sangakwanire lendi ndi fizi ya ana. Tsiku lina agogo ena, chitenje chili chonyowa, anandigwira dzanja kuti diripu ya mdzukulu wawo yatha. Ndinawakalipira pamaso pa anthu. Iwo anangonyonyomala, n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani adokotala." Ndinakalowa m'kachipinda ka mankhwala, n'kuima kuyang'ana khoma, misozi osatuluka. Madzulo ake ndinapitirira siteji yanga, kondakitala anachita kundigwedeza tili ku Limbe.

Chimene chimandiwawa ndi mawu akuti unamwino ndi maitanidwe. Inde ndi maitanidwe, koma mawuwa amawatulutsa nthawi imene wadandaula, kuti utseke pakamwa. Pa Facebook anthu amalemba kuti anamwino ndi amwano. Amwano alipo, sindikana. Koma wolembayo sanakhalepo yekha usiku wonse m'wodi yodzaza, ena atagona pansi, magolovesi atatha, achibale akukuyang'ana iwe ngati ndiwe wabisa mankhwala. Ndipo ife tomwe timaphana tokha. Wachinyamata akati watopa, akuluakulu timati, "Ife tinapirira." Tinapirira chiyani? BP ndi misana yakufayi?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti kutopa kotereku gwero lake ndi ntchito: mphamvu kutha, mtima kutalikirana ndi ntchitoyo, n'kumadziona ngati palibe chimene ukuthandiza. Zimene mwalembazi ndi zomwezo.

Ndiye mutani?

Tengani tchuthi chanu chonse, lokamu muikane mwezi uno, ndipo muwauze amatroni mosabisa. Ngati tulo tasowa kapena maganizo odzipha ayamba kubwera, musadikire mawa, kaonaneni ndi a zamaganizo ku chipatala cha Gulupu.

Ine ndinapita kwa mayi anga ku Thyolo masabata awiri. Ndinalira tsiku lachinayi, ndikusenda chinangwa pakhonde, nditakumbukira agogo aja.