Za nyumba yakale ya ku Mandala

Achemwali, mwafunsa kuti nyumba yosanja yakale ija ili ku Mandala, mumzinda wa Blantyre, inali ya yani, ndipo bwanji dera lonse limatchedwa choncho. Funso lanu landikhudza, chifukwa ambiri timangoidutsa pa minibasi osadziwa kuti inamangidwa mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chisanayambe n'komwe kumangidwa.

Eni ake anali a kampani ya African Lakes, yomwe inayambira ku Glasgow mu 1878. Oyendetsa kampaniyo kuno anali pachibale, John Moir ndi mng'ono wake Fred, ndipo nyumbayi inali ya mabwana a kampani. John ankavala magalasi amene ankaphanima padzuwa, anthu n'kumupatsa dzina loti Mandala. Dzinalo linachoka pankhope pa munthu, n'kugwera nyumba, masitolo a kampani m'dziko lonse, mpaka dera lomwe. Agogo anga mpaka kumwalira ankati "tikagule nsalu kwa Mandala," ngati mwiniwake ali moyo.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene katundu ankafikira pakhomopo. Kuno kulibe nyanja ya mchere, koma moyo wa nyumbayi unali kugombe la Mozambique. Katundu ankatsikira ku Quelimane, pambuyo pake ku Chinde, n'kukwera ndi sitima mu Zambezi ndi mu Shire mpaka kwa Katunga, ku Chikwawa. Kuchokera pamenepo anali mitu ya anthu. Inu amene munakwerapo chitunda cha Thabwa pagalimoto, injini ikuchita kubuula, taganizani amtengatenga atasenza mitolo ya nsalu ndi mabokosi, wapansi, mpaka ku Mandala. Minyanga ya njovu inkatsika njira yomweyo. Mayina a abale awiriwo alipo m'mabuku, koma a osenzawo, ngakhale a oumba njerwa za nyumbayi, simuwamva akutchulidwa, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Abale awiriwa sanali ogulitsa okha. Anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, ku Karonga kuyambira mu 1887, ndipo onse anavulazidwa ndi zipolopolo. Mu Januwale 1915, anthu a John Chilembwe anabwera usiku kudzathyola mosungira mfuti za kampani ku Mandala komweko, koma anangotengapo zochepa.

Musangoionera panja, mukalowe. Pansi amagulitsa zojambula ndi zosemasema, palinso malo omwera khofi pakapinga. Koma mukwere pamwamba, kumene kuli laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946. Ndinakhalako masana athunthu tsiku lina ndikuona zithunzi za Blantyre misewu ili yafumbi. Matabwa amalira mukamaponda, ndipo mukagwira khoma mumamva kuzizira ngakhale kunja kukutentha kwa Okutobala. Ana anu muwatenge, mukawaimike pakhonde lam'mwambalo.