Kwa amake mapasa amene akufuna kuonetsa ana anamgumi

Asisi, ndaona funso lanu loti ana akukuvutitsani kuti akaone anamgumi ndi madolfini ndiye mukuganiza zongodumpha pa boda ya Mwami mupite ku Lake Malawi. Ayi mwandi, nyanja imene ija madzi ake alibe mchere, ku Cape Maclear mukaona mbuna zokongola zedi koma namgumi kulibe olo mmodzi. Muyenera kufika ku Indian Ocean, ndipo kwa ife a ku Chipata Mozambique ndiye pafupiko.

Musanasankhe malo sankhani mwezi. Anamgumi aja a humpback sakhala kumeneko chaka chonse, amachoka kumadzi ozizira a ku Antarctica kubwera kudzaberekera kumadzi ofunda, ndiye amaoneka kuyambira cha mu June mpaka October. Holide ya ana ya mu August ikugwirizana bwino bwino. Za December musayese, mukapeza atabwerera kale, kutentha kosaneneka, ndiye kuyambira January ndi nyengo ya namondwe, Idai ija inagwetsa Beira mu March 2019 mukuikumbukira.

Ife tinadzera Katete, boda ya Chanida, Tete, Chimoio, pa Inchope n'kulowa msewu waukulu wa EN1 kutsika mpaka Vilankulo. Ndi ulendo wautali, musalimbane nawo kuti muumalize tsiku limodzi muli ndi ana, gonani panjira. Ku Tete Chinyungwe mumvana nawo pang'ono, mukapitirira ndi Chipwitikizi chabe, ndipo kwacha yathu musadalire, sinthani mukhale ndi ma metical.

Pa Vilankulo mumakwera boti kupita kuzilumba za Bazaruto, ndi national park kuyambira 1971 ndipo amene akuyang'anira ndi a bungwe losamala nyama la African Parks omwe aja ali ku Liuwa ndi Bangweulu kuno ku Zambia. Kuli akamba a m'nyanja, madolfini, ndi chinyama china amati dugong, chimadya udzu wapansi pamadzi ngati ng'ombe, koma ichocho ndi chamanyazi, ife sitinachione ndipo ana musawalonjeze. Kunyanja si ku Mfuwe kumene njovu imakupezani pa geti, mutha kuzungulira m'mawa wonse osaona kanthu.

Ife tinakhala maola awiri madzi okhaokha, ine nditayamba kale kuwerengera ndalama zanga mumtima, kenako tinangomva fuuu! ngati tayala la thiraki laphulika, utsi wamadzi m'mwamba, msana wakuda wautali kuposa boti lathu ukutuluka pang'onopang'ono, kamwana kake pambali. Ka last born kanga kamene kanali kulira njira yonse kanangoti zii kukamwa yasa. Wa boti anachepetsa injini, akuti mayi ali ndi mwana simumuyandikira, mumadikira abwere yekha.

Chimene ndinalakwitsa ine ndi kudya chipisi ndi mazira tisanakwere, zonse ndinabwezera nsomba, apongozi akuona. Idyani zopepuka, mankhwala oletsa kusanza mugule konkuno mumwe musanalowe m'boti, foni muike mu pulasitiki, ndipo ma life jacket a saizi ya ana muwaone ndi maso anu musanalipire, asakuuzeni zoti "ali m'boti".

Ngati matumba alola tsikani mpaka Tofo pafupi ndi Inhambane, kumeneko ndiye kuli whale shark, chinsomba cha mawangamawanga chosaluma munthu, koma poti amachionera munthu ali m'madzi, mapasawo ayambe aphunzira kusambira.