Kodi kuwerenga DNA ya tizilombo kungachiritse mtima wa mlongo wanu?

Mayi wina wa ku Nkhotakota wandilembera imelo. Mlongo wake watha mwezi thupi likutentha, madokotala akuti mabakiteriya akhazikika pa valavu ya mtima (kachitseko kotsegukira magazi mu mtima), ndipo mankhwala amene ayesa sakugwira. Wamva kuti kunja amawerenga DNA yonse ya kachilomboko, kutanthauza malangizo a chibadwa chake, ndiye akufunsa ngati zimenezo zingathandize.

Mayi, funso lanu landikumbutsa mwana wa achemwali anga kuno ku Salima. Ali wamng'ono ankavutika ndi zilonda zapakhosi. Zikayamba, akunyumba ankathamangira pa okala kukagula makapusozi owerengeka okulunga m'kapepala, ndipo mwana akangoyamba kumeza nsima ankati wachira. Panalibe amene ankadziwa kuti thupi likamalimbana ndi bakiteriya wapakhosi uja, Streptococcus, limatha kuvulaza mavalavu ake omwe, ndipo pa zipserazo mpamene tizilombo tina tolowa m'magazi timapeza pokakamira. Ali ku sekondale anayamba kutentha thupi madzulo alionse, thukuta la usiku mpaka kunyowetsa mphasa, siketi kumuvuka m'chiuno. Malungo ankamuyeza osapezeka, koma LA ankamwabe. Ena ankati ndi TB, azakhali ake ankati alodzedwa. Mtima anakauunika mochedwa ku Lilongwe, mtsikana akuchita befu ngakhale popita kubafa. Anapulumuka, koma mpaka lero amabayitsa jakisoni wa penicillin mwezi ndi mwezi.

Zomwe mwamvazo n'zoona. Akatswiri amameretsa bakiteriya wa m'magazi a wodwala m'botolo, kenako makina amawerenga zilembo zonse za DNA yake. Bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, amene amawononga mavalavu mofulumira kwambiri, ali ndi zilembo pafupifupi 2.8 miliyoni. Akapezamo kachigawo kotchedwa mecA amadziwa kuti methicillin ndi mankhwala ena a m'banja lake sangagwire. Ameneyo ndiye MRSA, yemwe anaonekera koyamba ku England mu 1961. Amathanso kuona ngati odwala awiri a m'wodi imodzi apatsirana kachilombo kamodzimodzi. Musaganize kuti ndi za kunja kokha ayi. Ku Blantyre, a bungwe lofufuza za matenda la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akumeretsa magazi a odwala pa Queens kuyambira 1998, ndipo kuwerenga DNA ndi kumene kunasonyeza kuti tayifodi amene anabuka kumeneko cha m'ma 2011 anali wa mtundu wa H58, wosamva mankhwala angapo.

Koma njira imeneyi singagwire ntchito ngati kachilombo sikanamere m'botolo. Munthu akamwa makapusozi asanatengedwe magazi, nthawi zambiri botolo limatuluka lopanda kanthu, matenda ali momwemo, dokotala n'kuyamba kuchita zongoyerekeza. N'chifukwa chake nkhani ya okala imandipsetsa mtima. Amoxicillin ndi Bactrim siziyenera kukhala pashelefu imodzi ndi sopo ndi machesi, ndipo wogulitsa popanda chilolezo azilandidwa katundu, asamanyengereredwe. Tikuthiranso makapusozi omwewo m'madzi a nkhuku zikayamba kuwodzera! Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chiopsezo chachikulu chinali kuno ku Africa, kumwera kwa Sahara. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, anachenjeza kale mu 1945 za kumwa mankhwala operewera mlingo.

Ndiye mutani?

Funsani adokotala ngati magazi anameretsedwa, dzina la bakiteriya, ndi mankhwala amene anaoneka kuti akumupha mu labotale. Pa chithandizo cha lero zimenezi n'zokwanira, ndipo zimatuluka m'masiku ochepa. Za DNA pakadali pano zimathandiza kwambiri ofufuza. Ngati magazi sanameretsedwe, pemphani kalata yopitira ku Kamuzu Central, akamuunikenso mtima. Mankhwala a matendawa ndi a m'mitsempha, milungu 4 mpaka 6, choncho thupi likazizira musamutulutse m'chipatala, ndipo musamubweretsere makapusozi ena mobisa.