Laputopu yakana Windows 11, ndiike Linux iti? Yankho kwa asisi aku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa asisi ena aku Area 25, ndi aphunzitsi, ndipo funso lawo ndaona kuti ndiliyankhe pano poti ndikudziwa kuti si okhawo. Analemba chonchi, ndafupikitsako pang'ono:

"Achimwene, laputopu yanga ndi HP yakale ndinagula kwa munthu, RAM 4GB. Windows 10 ikumandiuza kuti nthawi yake yatha, pomwe Windows 11 akuti siingalowe. Mwana wa achemwali anga akuti ndiike Kali Linux, wina kuntchito akuti Ubuntu. Ine ntchito yanga ndi Word, Excel ya malikisi a ana, YouTube ndi WhatsApp basi. Ndiike chani? Ndalama yogulira ina ndilibe."

Asisi, yankho lachidule ndi Linux Mint, system yaulere yolowa m'malo mwa Windows. Koma musathamangire kufufuta kalikonse musanawerenge mpaka pansi, chonde.

Choyamba mwana wa achemwali anuyo mumuthokoze koma Kali ameneyo mumusiyire yekha. Kali anaipangira anthu omwe ntchito yawo ndi kuyesa chitetezo cha makompyuta, kufufuza ming'alu yomwe akuba angalowere, ndiye anyamata ambiri amaikonda chifukwa cha chinjoka chili pa sikirini chija komanso kuti anzawo aziti eeh uyu ndi hacker. Eni ake a Kali amanena okha kuti si ya munthu amene akungoyamba kumene Linux. Kulembera ma scheme pa Kali kuli ngati kupita kumsika wa Lizulu kukagula tomato pa thirakitala, mufika inde koma mwavutikiranji. Chimodzimodzi wina akakutchulirani Linux ina yovuta yotchedwa Arch, mungomumwetulira.

Za Windows 10 zija ndi zoona. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Sikuti laputopu izima ayi, iziyakabe bwinobwino, kungoti mabowo atsopano achitetezo akapezeka palibenso wobwera kudzawatseka mwa nthawi zonse ngati kale. Windows 11 nayo imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, ngati ndi ya Intel kuyambira 8th generation kupita kutsogolo, ndiye taganizani, malaputopu ambiri omwe timagulitsana mu Old Town muja, ma HP ndi ma Dell ochokera kunja atagwira kale ntchito mu maofesi a eni ake, ndi a 4th, 5th, 6th generation. Makina abwinobwino, olimba kuposa ena atsopanowa, koma akuuzidwa kuti akapume.

Tsono chimene chimasokoneza anthu ndi mayina, Ubuntu, Mint, Fedora, Debian, Zorin, mutu kuzungulira. Linux yeniyeni ndi kamtima ka m'kati kokha, anayamba kuilemba Linus Torvalds ali mwana wasukulu ku Helsinki m'dziko la Finland mu 1991, ndipo aliyense ndi wololedwa kuitenga, kuiona m'kati ndi kuisintha. Ngati muli ndi foni ya Android ndiye kuti mumayenda nayo kale m'chikwama, pansi pa Android pali Linux yomweyi. Mayina enawo ndi magulu a anthu omwe anatenga mtimawo nkuwonjezerapo mapulogalamu ndi maonekedwe awo. Ufa ndi womwewo, amasiyana ndi ophika, wina nsima yake yofewa wina ya mibulu.

Mnzanu wakuntchito amene anati Ubuntu sanalakwitse kwenikweni. Ubuntu inayamba mu 2004, anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa kudzera mu kampani yake ya Canonical, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu. Ine ndinayambira pomwepo ndipo ndilibe nayo chifukwa. Koma kwa inu ndili ndi madandaulo awiri. Maonekedwe ake ndi achilendo kwa munthu wozolowera Windows, mapulogalamu ali m'mbali kumanzere, wotchi ili pamwamba, tsiku loyamba mumangokhala ngati mwalowa m'khitchini ya eni, mukudziwa kuti mchere ulipo koma uli pati. Chachiwiri ndi kulemera, pa RAM ya 4GB imayenda mokoka miyendo, komanso fayilo yodawuniloda ya Ubuntu 24.04 ili pafupifupi 6GB pomwe ya Mint ili cha mu 3GB. Azungu akamakangana pa intaneti kuti iyi ndiye yabwino iyo ayi, nkhani ya bandulo saitchula nkomwe chifukwa kwawo intaneti ili ngati madzi a pa mpopi, koma ife tikudziwa kuti 3GB yowonjezerayo ndi ndalama ya ndiwo.

Mint inayamba mu 2006, woyambitsa wake ndi Mfalansa Clément Lefèbvre, ndipo anaimanga pamwamba pa Ubuntu yomweyo, kutanthauza kuti pafupifupi chilichonse chimene chimagwira pa Ubuntu chigwiranso apa, ndipo mukakodwa nkufufuza pa Google mayankho ambiri a Ubuntu amathandizanso pa Mint. Kusiyana kwake mukayatsa mupeza menyu pansi kumanzere pomwe pamakhala Start paja, wotchi ndi netiweki pansi kumanja, mafoda pa desktop, dzanja limangopita lokha. Mint 22 inatuluka mu 2024 ndipo analonjeza kuisamalira mpaka 2029, ndiye zaka zingapo mutakhala phee. Palinso Zorin OS ya abale awiri aku Ireland, nayonso inapangidwa mofanizira Windows ndipo ndi yokongola ndithu, koma ine ndimatumiza anthu ku Mint poti ndi imene ndaikirapo anthu ambiri ndipo mavuto ake ndimawadziwa pamtima.

Mukalowa pa webusaiti ya Mint mupeza mitundu itatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce. Musachite mantha, ndi malaya chabe. Cinnamon ndi yooneka bwino ndipo pa 4GB imayenda, Xfce ndi yopepuka kwambiri koma yooneka yachikale pang'ono. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi Cinnamon, ikamachedwa ndiye Xfce. Ndipo ndinene chilungamo apa, chimene chimadya RAM kwenikweni masiku ano ndi browser, mukatsegula ma tab 15 a YouTube ndi Facebook palibe Linux imene ingakupulumutseni. Ngati laputopuyo ikadali ndi hard disk yakale yozungulira ija, tsiku lomwe mudzapeze kandalama mudzagule SSD, disk yamakono yothamanga, ngakhale yaing'ono, kusintha kwake kumadabwitsa kuposa china chilichonse mungaichitire.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Linux mutha kuilawa musanaiike. Mupeze fulashi ya 8GB yopanda kanthu kofunika chifukwa zonse zili m'menemo zifufutika, mudawunilode fayilo ya Mint ija, kenako kapulogalamu kakang'ono kaulere kotchedwa Rufus kamene kamalemba fayiloyo pa fulashi. Mukatero muzimitse laputopu, mulowetse fulashi, muyatse uku mukudina F9 mobwerezabwereza, pa HP ndi F9, a Dell ndi Lenovo nthawi zambiri ndi F12, pabwera kamndandanda musankhe fulashi yanu. Mint iyaka kuchokera pa fulashipo, Windows yanu ndi mafayilo anu osakhudzidwa, mukazimitsa nkuzula fulashi zonse zibwerera mwakale. Iziyenda mochedwerapo poti ikuwerenga pa fulashi, musaiweruze ndi liwiro. Chimene mukuyesa ndi ichi, wifi ikugwira? mawu akutuluka? kamera, kuwala kwa sikirini, kambewa ka pa laputopu kaja? Mutsegule scheme yanu imodzi ndi fayilo ya malikisi muone mmene zikuonekera. Sewerani nayo madzulo awiri atatu.

Wifi ndi imene imakonda kuvuta. Ndinaikirapo mphwanga wina ku Kawale pa HP yakale, zonse bwinobwino koma pakona pa netiweki paja zii, palibe ngakhale dzina limodzi la wifi, iye nkhope yagwa akuti amalume mwandiwonongera. Inali kadi ya Broadcom, imafuna driver wake wapadera. Tinangotenga chingwe chotchajira, kulumikiza foni yake ku laputopu, kuyatsa USB tethering pa foni, intaneti inabwera pompo, kenako kutsegula Driver Manager amene amabwera kale mu Mint, anatisonyeza yekha driver wosowayo, kudina, kuyatsanso, mayina a wifi a maneba onse mbwee. Mphindi 10 sizinakwane. Ndiye zikakuchitikirani musaganize kuti zathera pomwepo.

Mukakhutira nkufuna kuiika zenizeni, koperani kaye zonse. Zonse asisi, zithunzi, ma scheme, satifiketi zomwe munasikana, muziike pa fulashi ina kapena hard disk yakunja ndipo mutsegule mafayilo angapo kutsimikiza kuti zakoperedwadi. Ndikulankhula ngati munthu amene anapsa. Ulendo wanga woyamba ndinkadziona katswiri, unali usiku, ndinafika pa sikirini yofunsa kuti tiike pati ndipo ndinadina "Erase disk" ndikuganiza kuti ifufuta mbali ya Windows yokha, mbali ina ija ya D yomwe ndinkasungako zinthu isiya. Inasesa zonse. Zithunzi za chinkhoswe cha mlongo wanga zinali momwemo ndipo wojambula anali atafufuta kale kwake, mpaka lero nkhaniyo ikatuluka pa mwambo wa banja ine ndimapita panja kukayankha foni yosaitana. Pa sikirini yomweyo pali mwayi wina woti Mint ikhale pambali pa Windows, poyatsa muzisankha yomwe mukufuna, kwa miyezi yoyamba imeneyo ndi njira yabwino ngati disk ili ndi malo. Komanso batire ikhale yodzaza, kapena ngati batire inafa kale monga malaputopu athu ambiri, sankhani nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi kwanuko sakonda kuzima, kuyika kumatenga mwina theka la ola. Ikakufunsani za multimedia codecs muchonge, ndi zimene zimapangitsa nyimbo ndi mavidiyo kuseweredwa.

Tibwere ku Word ndi Excel, apa sindikunamizani. Microsoft Office yeniyeni ija siilowa mu Linux. Mint imabwera ndi LibreOffice, muli Writer m'malo mwa Word, Calc m'malo mwa Excel, Impress m'malo mwa PowerPoint, yaulere, yopanda kauthenga kofiira koti product activation failed kamene tonse tinakazolowera ngati m'bale. Imatsegula docx ndi xlsx ndipo imasunganso momwemo. Malikisi a ana, kuwonkhetsa, avereji, kusanja woyamba mpaka womaliza, Calc imachita popanda vuto. Pomwe pamavuta ndi mafayilo okhala ndi matebulo ambiri ndi zokongoletsa, monga ma fomu ochokera ku ofesi, nthawi zina mzere umatsetsereka kupita tsamba lina, kawirikawiri chifukwa zilembo za Calibri ndi Times New Roman mulibemo ndiye imaikapo zofanana nazo. Times New Roman ndi Arial mutha kuziika, mu Software Manager mufufuze mscorefonts. Koma chizolowezi chimene chingakupulumutseni ndi ichi, chilichonse chopita kokapulinta muzichisunga ngati PDF, batani lake lili pamwamba pomwepo mu Writer. PDF siisuntha, mmene mwaionera kunyumba ndi mmene itulukire pa pepala. Mukasunga fayilo yopita kwa ahedi musankhe docx, chifukwa mukaisiya yokha isunga odt ndiye ena amadabwa nayo.

YouTube ndi WhatsApp Web zimayenda mu Firefox amene amabwera kale, Chrome nayo ilipo ya Linux mukaifuna, VLC ilipo, Zoom ilipo. Amene ndimawauza kuti aganize kawiri ndi ojambula ma poster ndi makadi aukwati omwe moyo wawo uli pa Photoshop ndi CorelDRAW, zimenezo sizilowa, kuli GIMP ndi Inkscape koma ndi kuphunziranso pachiyambi. Inu simuli m'gulu limenelo.

Phindu lina lomwe mudzalikonde, vayirasi ya ma shortcut ija. Mukudziwa, mwapita kokapulinta mayeso, kubwera kunyumba mafoda onse pa fulashi asanduka ma shortcut. Inalembedwera Windows, pa Mint siithamanga, ndipo nthawi zambiri mukalowetsa fulashiyo mumaona mafayilo anu omwe inabisa ali phee pamodzi ndi tinyansi take, nkungotifufuta. Anzanu kuntchito akadziwa adzayamba kukubweretserani mafulashi awo, konzekani. Izi sizikutanthauza kuti mwakhwima ayi, wina akakutumizirani link yabodza nkulembapo pasiwedi yanu abera ndithu, Linux kapena Windows.

Ma update nawo sakukakamizani. Pakona pansi pamabwera kachishango kokuuzani kuti alipo, mumasankha nokha nthawi, palibe zoti mwayatsa hotspot kuti mutumize imelo imodzi kenako bandulo yonse yapita osadziwa. Oyamba mukangomaliza kuyika amakhala okulirapo ndiye mupangire pomwe pali wifi, koma musamawanyalanyaze mpaka kalekale, tathawa Windows 10 chifukwa cha nkhani yomweyi. Muyatsenso Timeshift, imasunga chithunzi cha mmene system inalili kuti zikasokonekera mubwerere mmbuyo. Za sikirini yakuda yolembamo ma command ija anthu amaopsezana nayo, pa ntchito zanuzi mutha kutha miyezi osaitsegula, ndipo musamakopere ma command a pa intaneti omwe simukuwamvetsa.

Kanthu kena kakang'ono poti ndinu aphunzitsi, chilembo cha ŵ cha mu Malaŵi chija chimene pa Windows timachisaka mu Insert Symbol. Pa Mint mukasankha batani limodzi kukhala Compose key mu zokonzera kiyibodi, mumangodina limenelo, kenako ^ kenako w, chatuluka.

Ngati bandulo ya 3GB ikuvuta, funsani kaye mwana wa achemwali anu uja, amene ali ndi Kali sangalephere kukupangirani fulashi ya Mint, ndipo fulashi imodzi imaikira malaputopu ambirimbiri. Mukayesa mundilembere ngati wifi yagwira, ndipo munditumizirenso dzina lonse la HP yanuyo, lili pa kapepala kapansi kapena mukachotsa batire.