Za mngelo wouluka pa sewero la Khirisimasi

Achimwene, mwafunsa ngati mwana wosewera mngelo m'tchalitchi angakwezedwe pa chingwe chomangirira kudenga kuti aoneke ngati akuuluka, monga munaonera pa YouTube. Mwanayo musamukweze pa chingwe. Mngelo wa sewero lanulo aimirire pa nsanja yolimba yokutidwa ndi nsalu yakuda, mumuwalitse ndi getsi, anthu adzaona ngati ali m'mwamba ndithu.

Zimene munaona pa YouTube zija si chingwe wamba. Wosewera amavala malamba ogwira m'chiuno ndi m'ntchafu, mkati mwa zovala, olumikizidwa ku waya wachitsulo. Wayayo amakokedwa ndi mota yamagetsi yolamulidwa ndi kompyuta, yomwe imadziwa pamene munthu wafika, liwiro lokwerera ndi poimira. Mabuleki amakhala awiri, ndipo magetsi akazima amagwira okha. Pambali pamakhalanso munthu, dzanja lili pa batani loimitsira zonse.

Ngakhale kumene kuli akatswiri, ngozi zimachitika. Mu 1999, Owen Hart, katswiri wa masewera ogwetsana, anamwalira ku Kansas City atagwa kuchokera kudenga la bwalo, chomangira malamba ake chitamasuka.

Ine ndimakhoma madenga kuno ku Kasungu. Mitengo ya madenga a matchalitchi ambiri ndi ya bulugamu kapena paini, ndipo tinaikhoma kuti inyamule malata basi. Ina chiswe chinaidya kale mkati, kunja ikuoneka bwinobwino, koma ukaigogoda ndi hamala imalira ngati ng'oma. Komanso munthu akamagwedezeka pa chingwe, amakoka mwamphamvu kuposa kulemera kwake.

Ngati komiti yokonza sewerolo ikuumirirabe, itanani injiniya wa zomangamanga aone dengalo, mupezenso katswiri wa zida zoulutsira anthu pa siteji. Awiriwa akapanda kupezeka, chonde musayese n'komwe.