Nkhunda zikumira m'diramu, kodi tizingozitsekera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Bembeke. Mwana wawo wa Sitandade 6 anapatsidwa nkhunda zisanu ndi imodzi ndi amalume ake a ku Ntcheu. Mwezi usanathe, ziwiri anazipeza zitafera m'diramu yamadzi kuseri kwa khitchini, ina inatengedwa ndi mphamba. Akuti mwana nsima sakuifuna. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi zitatu zatsalazi tizingozitsekera m'khola? Nanga madzi tiziwapereka bwanji, poti agogo ake akuti nkhunda sapatsa madzi, imakadzifunira yokha?"

Pepani mayi, ndipo mumupepesenso mnyamatayo. Koma zotsekera mpaka kalekale ayi. Nkhunda yosauluka imanenepa, imafooka, ndipo m'khola lathu la nsungwi lija matenda sachedwa kugwirana. Agogo sananame kuti nkhunda imadzifunira yokha madzi. Vuto ndi komwe imakawapezako. Inawafuna, n'kuwapeza m'diramu mwanu.

Muonetsetse mmene nkhuku imamwera: imajompha madzi pang'ono n'kuyang'ana kumwamba kuti atsike. Nkhunda sitero. Imamiza mlomo n'kumakoka madzi osadzutsa mutu, ngati mmene ng'ombe imachitira. Ndiye ikatera pakamwa pa diramu, madzi ali m'munsi chifukwa mwatungako ophikira, imawerama mpaka kutsetsereka. Ikagweramo imayandama kaye ndithu, koma makoma ndi oterera, mapiko alibe poti n'kutambasukira, nthenga zimanyowa n'kulemera. Kuno kwathu kozizira, ngakhale muivuule ili moyo, mphepo ikhoza kuimaliza. Diramu, ndowa, ngakhale beseni lomwe mwanyikamo zovala, zonse zizikhala zovundikira. Chivundikiro chikasowa, mangani thumba ndi mphira pamwamba pake, kapena tsamiritsani thabwa lokhakhala mkatimo kuti yagwayo ipeze pokwera. Ndipo ngati pakhomopo pali mwana wongoyamba kuyenda, chivundikirocho si cha nkhunda zokha.

Mukaivuula yamoyo, ipukuteni ndi chitenje, muiike m'katoni pamalo ofunda. Osaiyandikitsa pambaula, chifukwa utsi wa makala umapha mbalame msanga kuposa munthu. Osaithiranso madzi kapena phala kukamwa.

Tsono chachikulu ndi ichi: zipatseni madzi akeake pakhomo, m'mawa uliwonse, zisanauluke. Tengani chigubu cha malita 5, muboole mawindo awiri m'mbali oti mutu uzilowa koma miyendo ayi, madzi azikhala okuya masentimita atatu kapena anayi kuti mlomo uzimira. Muzitsuka tsiku ndi tsiku. Pali nthenda ina ya nkhunda yobweretsa zotupa zachikasu m'kamwa ndi kukhosi, imene imafala kudzera m'madzi omwera pamodzi, ndipo makolo amapatsiranso maunda powadyetsa. Mukaona nkhunda ikulephera kumeza, itsegulani kukamwa muone, ndipo mukapeza zachikasuzo muipatule n'kuitana alangizi a ziweto. Chomwera chake chisakhalenso chimodzi ndi cha nkhuku, makamaka nyengo yotentha pamene chitopa chimavuta.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwanuko si diramu ayi, koma madimba. Bembeke, Lizulu, Tsangano, konseko ndi kachewere, tomato ndi kabichi, ndipo mankhwala amapoperedwa pafupipafupi. Munthu akamaliza kupopera amatsukira sipuleya pafupi ndi chitsime, timadzi n'kudikha pansi. Nkhunda yaludzu sisankha. Imabwerako ikudzandira, dovu kukamwa, madzulo yafa, anthu n'kuyamba kulozana zala kuti wina wailodza. Ngakhale ku Liwonde, tizinkhwe tobiriwira tija ta m'nkhalango yotetezedwa timafa pomwa m'zithaphwi zimene opha nyama mozemba athiramo poizoni. Nkhunda yomwa kwawo n'kukhuta siivutikira madzi a kudimba. Samalaninso ndi mbewu ya chimanga yopaka mankhwala, yofiira kapena yobiriwira ija, ndi tameki amene ena amatchera makoswe. Zimenezi zisamwazike pabwalo.

Za kusamba simunafunse, koma ndinenepo. Nkhunda zimakonda kusamba kwabasi, ndipo mukazimana zidzakasamba posayenera. Kamodzi kapena kawiri pa sabata, ikani beseni la madzi okuya ngati zala zitatu kapena zinayi, opanda sopo, dzuwa litakwera cha m'ma 10 koloko. Pamwamba pa madziwo padzayandama zoyera ngati ufa. Musadabwe, ndi fumbi la nthenga zake. Zikatha, tayani madziwo zisamwe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imaphimba phiri la Dedza mpaka masana, dikirani tsiku ladzuwa. Madzulo ayi ndithu, zingagone zili zonyowa. Ndipo pakhale munthu pafupi, poti nkhunda yonyowa imanyamuka mochedwa, ndiye nthawi imene mphaka amaikonda.

Kunena za mphamba, sindikunamizani kuti pali njira yomuthetsera. Amene amaweta nkhunda zouluka amataya ina apo ndi apo. Koma amene amagwidwa kwambiri ndi maunda ongophunzira kuuluka, ndiponso nkhunda zachilendo zosadziwa pothawira. Zanuzo ndikuganiza kuti munafulumira kuzitulutsa. Zachilendo zimafunika kukhala m'khola masabata atatu kapena anayi, zikuona pabwalo kudzera pa sefa, apo ayi zazikuluzikulu zimabwerera komwe zinachokera (mufunse amalumewo ngati ija mukuti inatengedwa ndi mphamba sinafike kwawo). Pozitulutsa koyamba, muzitero cha kumadzulo zisanadye. Mwanayo azigwedeza chitini cha chimanga nthawi iliyonse akamazidyetsa. Pakapita masiku zidzazolowera kuti kulira kwa chitini ndiko chakudya, ndipo akaona mphamba akuzungulira adzatha kuziitana.

Khola likhale pamwamba pa mitengo, ndipo mtengo uliwonse muukulunge ndi lata losalala kuti mphaka ndi makoswe asakwere. Patsinde thirani phulusa kapena pakani oyilo wakutha poopa linthumbu, lomwe limatha kumaliza maunda usiku umodzi. Makomo asayang'ane komwe mwera umachokera.

Zitatu zatsalazo muziyang'anitsitse. Yaimuna ndi imene imafufumitsa khosi n'kumazungulira inzake ikulira. Ngati pali yaimuna ndi yaikazi zogwirizana, ziyamba kututa timitengo, yaikazi iikira mazira awiri, ndipo zimafungatira mosinthana kwa masiku pafupifupi 18. Nthawi imeneyo chigubu chija chisaume, chifukwa makolo odyetsa maunda amamwa madzi ambiri. Yotsalayo mudzaipezere inzake kwa amalume komweko, koma ulendo uno itsekeredwe kaye.